Mpikisano wa zojambula zokongoletsa laibulale ya pa yunivesite: mafunso ndi mayankho

Laibulale ikangolengeza kuti ikufuna zojambula za ophunzira zoti iike m'makoma, mafunso amakhala omwewomwewo. Wina amafunsa za mphoto asanasongole n'komwe pensulo, wina amaopa kuberedwa luso, wina penti wamukanira kuuma tsiku lotsekera litafika. Tawasonkhanitsa pano kuyambira ophweka mpaka ozama. Laibulale iliyonse ili ndi malamulo akeake, choncho chikalata cholengeza mpikisano wa kusukulu kwanu ndicho chili ndi mawu omaliza. Zili panozi n'zokuthandizani kuti muchiwerenge muli maso.

Kodi mpikisano umenewu umakhala wotani?

Laibulale imasankha malo amene ali mbee, monga khoma la chipinda chowerengera, m'mbali mwa masitepe, pansanamira kapena m'tizipinda tokambirana, n'kupempha ophunzira kuti apereke zojambula. Gulu la oweruza limasankhapo zoti ziikidwe pamalopo.

Dzina n'limodzi, koma mipikisanoyi ilipo ya mitundu itatu, ndipo dziwani msanga kuti wanu ndi uti. Wina umafuna chithunzi chomalizidwa kale, choti akachisankha angochiika mu felemu n'kuchipachika. Wina umafuna chithunzi cha pakompyuta kapena cha kamera choti iwo akachisindikize chachikulu. Wachitatu umafuna kapulani kakang'ono chabe, ndipo wopambana ndiye amadzakwera makwerero kukajambula pakhoma penipenipo. Wachitatuwu ndi umene umadya nthawi, ndipo tauikira funso lakelake kumunsiku.

Laibulale ndi malo a mabuku. Zithunzi zikudzatani m'menemo?

Funso ili kawirikawiri limachokera kwa akuluakulu ogwira chikwama. Yankho lake muliona mukalowa mu laibulale m'mawa. Ophunzira ambiri sabwera kudzabwereka buku n'kumapita. Amalawirira kudzalanda mpando woyandikana ndi soketi, n'kukhala pomwepo mpaka madzulo. Munthu wotere maso akatopa amadzutsa mutu, ndipo chimene amakumana nacho ndi khoma. Chithunzi chimathandizanso kulozerana malo: "undipeza pa chithunzi cha asodzi" imamveka msanga kuposa nambala ya shelefu.

Ndiponso si za lero. Ku Dartmouth College ku America, José Clemente Orozco wa ku Mexico anajambula makoma a chipinda chowerengera cha m'laibulale ya Baker kuyambira 1932 mpaka 1934, zigawo 24 zofotokoza mbiri ya maiko a ku America. Chigawo china chimaonetsa akadaulo a maphunziro ali mafupa okhaokha, atavala mikanjo yawo, akuonerera mafupa anzawo akubereka pamwamba pa mulu wa mabuku. Ena mwa amene anaphunzira pasukulupo anakwiya nazo. Zithunzizo zilipobe, ndipo ana a sukulu amawerengera mayeso pansi pake mpaka lero.

Ine sindiphunzira zaluso. Ndingalowe nawo?

Nthawi zambiri inde, bola muli wophunzira wolembetsedwa pasukulupo. Kujambula monga phunziro kulipo ku UNIMA ku Zomba, ndipo ku MUST ku Thyolo kuli Bingu School of Culture and Heritage, koma makoma opanda kanthu aliponso ku MUBAS, ku KUHeS, ku Bunda ndi ku Mzuni. Musadziderere. Wa zaulimi amene wathera semesita akujambula mizu ndi masamba, wa zaudokotala amene amadziwa kupindika kwa fupa lililonse la dzanja, wa zomangamanga amene mizere yake simakhota, aliyense ali ndi diso limene wa zaluso alibe. Paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

A chaka chomaliza funsani tsiku limene ntchito idzaikidwe pakhoma. Ngati lidzafike inu mutatsanzika kale, fotokozani poyambirira.

Ndiyambire pati?

Yambirani pampando. Musanagule pepala, pitani mukakhale moyang'anizana ndi khoma lomwe latchulidwalo kwa masiku angapo, nthawi zosiyanasiyana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Onani pamene dzuwa limagwera 8 koloko m'mawa ndi pamene lili 4 koloko madzulo. Bweraninso usiku, chifukwa mababu ena amasintha maonekedwe a mitundu, ndipo muone khomalo magetsi atathima. Tengani tepi muyeze nokha, ngakhale miyezo italembedwa kale m'chikalata. Lembani pamene pali switchi, chozimitsira moto, wotchi ndi paipi. Onani ngati mashelefu ndi mitu ya anthu okhala pansi zikubisa mbali ya kumunsi, poti n'zomvetsa chisoni kuthera sabata yonse pa ngodya imene idzakhale kuseri kwa makina a fotokope.

Kenako onani anthu. Wodutsa pamasitepe amaponya diso kamodzi ali paulendo, ndiye pamenepo pamafunika zinthu zikuluzikulu zooneka patali. Wa m'chipinda chowerengera amakhala maola asanu pamalo amodzi.

Apa ndi pamene ambiri aluso lawo amaphonya. Chithunzi cha pachionetsero chimalimbirana ndi zinzake kuti chikoke munthu amene wabwera dala kudzaona zithunzi, ndipo pakatha mphindi ziwiri munthuyo wapita. Cha mu laibulale chimakhala ndi munthu amene sanachiitane, amene ali ndi mayeso mawa, amenenso adzachiona pafupifupi tsiku lililonse kwa zaka 4. Chikakhala chaphokoso, pofika sabata yachiwiri anthu ayamba kukhala mochifulatira. Chikakhala chozizira kwambiri, chimangosanduka khoma ngati kale. Chimene chimakhalitsa ndi chija munthu amati ali chaka chachitatu, tsiku lina atatopa ndi manotsi, n'kutulukira kuti pangodya paja pali kambalame kamene sanakaonepo.

Ndijambule chiyani? Mutu watiuza kuti "maphunziro" basi.

Tikuuzeni zimene anzanu ambiri adzabweretse: buku lotsegula lomwe mukutuluka mtengo, babu loyaka pamwamba pa mutu wa mwana, chipewa cha pa graduation chili m'mwamba, ndi bwato panyanja dzuwa likulowa. Palibe cholakwika ndi zimenezi, kungoti oweruza akafika pa buku lotsegula lachisanu ndi chitatu maso amakhala atachita dzanzi. Kujambula buku m'nyumba yodzaza mabuku kulinso ngati kupachika chithunzi cha nsima m'khitchini.

Ganizani mozama za kusunga nzeru, poti ndiyo ntchito ya laibulale. Ku Chongoni ku Dedza kuli malo 127 a zojambula zapamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zina zokhudza chinamwali, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Imeneyo inali laibulale anthu asanaone pepala. Pali zilembo za Mwangwego, zimene Nolence Mwangwego anayamba kuzikonza mu 1979 n'kuzionetsa poyera mu 1997, ndipo kapindikidwe kake n'kokongola pakhoma. Pali mbuna za m'nyanja ya Malawi za mitundu mazanamazana, malukidwe a lichero ndi nkhokwe, mapu a mitsinje, manja a agogo akusankha mbewu. Pali ngakhale moyo wa pasukulu panu pomwepo, monga mzere wa pa kafeteriya kapena amene wagona pa desiki buku lili kumaso. Zimenezi owerenga amadzionamo, ndipo amamwetulira.

Nanga Gule Wamkulu, zachipembedzo, ndale kapena thupi losavala?

Werengani malamulo kaye, chifukwa malaibulale ambiri amaletseratu zina mwa izi. Pamene sanaletse, kumbukirani zimene tanena pa funso la poyambira: woona chithunzi chanu sanachite kusankha.

Gule Wamkulu ndi chuma chathu, UNESCO inauzindikira mu 2005, ndipo aluso a ku Kungoni ku Mua, malo amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, akhala akujambula ndi kusema zilombo kwa zaka zambiri. Zovina poyera pabwalo zimajambulika. Za kudambwe si zoika pakhoma la anthu onse. Ngati simunagule njira, funsani eni mwambo musanayambe, ndipo dziwani dzina ndi tanthauzo la chilombo chimene mwasankha, osangotola chigoba chifukwa chaoneka choopsa.

Cholinga chabwino pachokha sichikwanira. Ku University of Cape Town kunali chiboliboli cha Sarah Baartman chimene Willie Bester anapanga ndi zitsulo zakutha, ndipo chinaima mu laibulale yaikulu kwa zaka zambiri. Mwini luso ankadzudzula nkhanza zimene mayiyo anachitidwa pomuonetsa ngati chinyama ku Ulaya. Koma ophunzira ena, makamaka akazi achikuda, ankaona kuti kudutsa tsiku ndi tsiku pa thupi losavalalo kunali kubwereza chipongwe chomwecho. Mu 2016 anachiveka nsalu, ndipo mu 2018 chinachotsedwa mu laibulalemo. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo, ndipo chimene chinakuza mkangano ndi malo amene chinaikidwa.

Pa ndale tingonena mwachidule. Mitundu ya chipani ndi nkhope za andale amoyo zimakalamba msanga kuposa penti. Mbendera ndi chizindikiro cha dziko zili ndi lamulo lozitchinjiriza, la Protected Flag, Emblems and Names Act, ndiye musasewere nazo musanafunse.

Ndingajambule nkhope ya mnzanga, kapena kutengera chithunzi cha pa intaneti?

Mnzanu muuzeni bwinobwino kuti nkhope yake ikakhala pati ndipo kwa nthawi yaitali bwanji, avomere polemba. Kuvomera kwa pakamwa pa nthawi ya chibwenzi kumasanduka mlandu chibwenzi chikatha. Ngati ndi mwana, avomere ndi makolo ake.

Chithunzi cha pa intaneti chili ndi mwini wake, yemwe ndi amene anachijambula ndi kamera. Kuchikopera ndi bulashi sikuchisandutsa chanu. Kuyang'ana zithunzi zingapo kuti mudziwe mmene nkhwazi imapindira mapiko palibe vuto, koma kutsata chimodzi mzere ndi mzere ndi kuba, ndipo masiku ano woweruza amachipeza ndi foni yake asanamalize tiyi. Chimodzimodzi mawu a ndakatulo kapena a nyimbo ya munthu: pemphani chilolezo. Miyambi ya makolo ndiyo mungalembe mwaufulu, bola muilembe molondola, chifukwa chilembo cholakwika pakhoma la laibulale sichikhululukidwa.

Kodi zopangidwa ndi AI, mapulogalamu a pakompyuta amene amajambula okha mukawauza, zimaloledwa?

Mipikisano ina imakaniratu, ina imalola mukanena poyera. Ngati malamulo ali chete, funsani polemba ndipo musunge yankho. Sungani mapepala anu oyeserera, ndipo muzijambula ntchito yanu ndi foni pamene ikukula, kuti wina akadzakayika mudzakhale ndi choonetsa. Maganizo athu ndi akuti mpikisano wofuna dzanja la wophunzira uyenera kulandira dzanja la wophunzira. Komanso pa mpikisano wa pakhoma, amene anapereka pulani ya makina amadzaululika yekha tsiku lokwera makwerero.

Penti wabwino ndi uti?

Wa acrylic ndiye bwenzi la laibulale. Amasungunuka ndi madzi, amauma m'mphindi zochepa, sanunkha kwambiri, ndipo akauma sasukuluka. Pa malo aakulu, penti wa PVA wa m'nyumba uja amagwira ntchito ngati maziko, n'kusungira acrylic wodulayo mbali zofuna tsatanetsatane. Wa oilo ndi wokongola koma amatenga masiku kuti aume pamwamba, miyezi kuti aumiretu, ndipo vanishi amayenera kudikira pafupifupi miyezi 6. Mukayamba naye kutatsala sabata imodzi, mudzapereka chithunzi chomata zala.

Mdani wamkulu ndi dzuwa. Watercolour, mamaka ndi inki ya bolopeni zimafwifwa msanga pakhoma loyang'ana windo, ndiye zimafuna galasi ndi malo a mthunzi. Makala ndi choko zimayoyoka mukapanda kuzipopera mankhwala omatira. Wachiwiri ndi chinyezi. Amene anakhalapo ku Zomba kapena ku Mzuzu nyengo ya mvula akudziwa mmene pepala limapindikira ndi mmene chuku chimamerera kuseri kwa felemu. Siyani kampata pakati pa chithunzi ndi khoma kuti mpweya uzidutsa.

Nkhani ya kufwifwayi inavutitsapo akatswiri enieni. Juan O'Gorman atapatsidwa makoma akunja a laibulale yaikulu ya yunivesite ya UNAM ku Mexico City, yomwe inatsegulidwa mu 1956, sanadalire penti. Anasonkhanitsa miyala ya mitundu yachilengedwe kuchokera m'madera osiyanasiyana a dziko lawo n'kuyala nayo zithunzi pa malo okwana pafupifupi masikweya mita 4,000. Dzuwa ndi mvula zamenya makomawo zaka zonsezi, mitundu ilipobe.

Ndalama zogulira zipangizo ndilibe. Zakumudzi zingalowe?

Zingalowe, ndipo nthawi zina ndizo zimaba mtima wa oweruza. Katondo, makande, phulusa ndi makala zimapereka kufiira, kuda ndi kutuwa kumene amayi akhala akukongoletsera nyumba kuyambira kale. Sefani dothilo bwino, mulisakanize ndi guluu woyera wa akalipentala kuti ligwire. Zidutswa za chitenje za kwa telala, mikanda, mlaza, nsungwi, waya ndi zitsekerero za mabotolo zonse ndi zipangizo.

Chenjezo ndi limodzi, ndipo ndi lalikulu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi chomatidwa ndi phala la ufa kapena la chinangwa, chokongoletsedwa ndi chimanga, nyemba kapena mapira, chimaitana mphemvu, anankafumbwe ndi makoswe, ndipo zikamaliza chithunzi chanu zimatsikira ku mabuku. Mtengo wosauma kapena wofumbwa umalowetsa tizilombo. Woyang'anira laibulale akachikana musamuone ngati wosadziwa luso, akuteteza zimene analembedwera ntchito. Minyanga, zikopa za nyama zakutchire ndi mkungudza wa ku Mulanje musayerekeze n'komwe.

Changa n'cha pakompyuta. Ndichitumize chachikulu bwanji?

Yambani ndi kukula kumene chidzasindikizidwe. Pepala la A1 ndi mamilimita 594 kwa 841, ndipo pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, limafuna mapikiselo pafupifupi 7,016 kwa 9,933. Chachikulu choonera patali chimakwanira ndi 150 dpi. Kuchepetsa chithunzi chachikulu n'kosavuta, koma chaching'ono mukachikoka chimasweka.

Musachitumize pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, chifukwa imachifinya kuti isunge bandulo. Chitumizeni ngati document, kapena pa imelo, kapena pa flash. Mitundu ya pasikirini imawala kuposa ya papepala, makamaka buluu ndi girini, ndiye sindikizani kachidutswa pa A4 muone kaye.

Tingalowe ngati gulu?

Ngati malamulo alola, inde, ndipo pa khoma lalikulu n'kwanzeru. Koma gwirizanani polemba musanapambane: maina amene adzalembedwe, kagawidwe ka mphoto, ndi amene adzasaine m'malo mwa onse. Magulu sakanganirana penti, amakanganirana envelopu.

Oweruza amakhala ndani, ndipo sakondera?

Gulu labwino limakhala ndi wa ku laibulale, mphunzitsi wa zaluso kapena waluso wochokera kunja kwa sukulu, woimira ophunzira, ndi wina wa ku ofesi yosamalira nyumba. Womalizayu anthu amamuiwala, chonsecho ndiye amadziwa khoma limene limadontha ndi limene silingalandire msomali. Amayang'ana ngati mwatsata mutu ndi miyezo, ngati dzanja lanu lili lokhwima, ngati ntchitoyo ikugwirizana ndi malo, ndiponso ngati ingatheke ndi ndalama ndi nthawi zimene zilipo. Pulani yokongola yosatheka imagonja kwa yabwino pang'ono yotheka.

Mankhwala a kukondera ndi kubisa maina. Ntchito iliyonse ipatsidwe nambala, maina akhale mu envelopu yomata mpaka chisankho chitachitika. Mu 1981, pa mpikisano wa pulani ya chipilala chokumbukira asilikali a America amene anafa pa nkhondo ya ku Vietnam, panabwera mapulani 1,421, onse a manambala okhaokha. Anapambana ndi Maya Lin, wophunzira wa zaka 21 wa ku Yale, kuposa akatswiri odziwika. Ngati mpikisano wanu ndi wotere, musasaine kutsogolo kwa chithunzi mpaka zotsatira zitatuluka.

Mavoti a pa Facebook amayeza kuchuluka kwa anzanu ndi abale anu. Ndi abwino pa kamphoto kapadera ka chokonda anthu, koma khoma la zaka khumi lisasankhidwe ndi ma like.

Akuti tilembe mawu ofotokoza chithunzi. Ndilembe zotani?

Ziganizo zinayi kapena zisanu: chimene mwajambula, chifukwa chake chikuyenera khoma limenelo, zipangizo zimene mwagwiritsa ntchito, ndi mmene chingapachikidwire. Siyani mawu akuluakulu a m'dikishonale. Ngati mwaloledwa, lembani m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao pamodzi ndi Chingerezi, chifukwa kapepala kameneko kadzakhala pambali pa chithunzi, ndipo adzakawerenganso ndi amene amasesa m'chipindamo.

Mphoto imakhala chiyani?

Zimasiyana: ndalama, zipangizo zojambulira, satifiketi, kapena laibulale kugula chithunzicho. Funso lofunika kuposa kukula kwa mphoto ndi lakuti, kodi zipangizo agula ndani? Tiyerekeze khoma la mamita 6 m'litali ndi 3 m'mwamba. Amenewo ndi masikweya mita 18. Lita imodzi ya PVA imakuta masikweya mita 8 mpaka 10 pa ulendo umodzi, ndiye kupaka maziko kawiri kokha kwadya kale malita anayi kapena asanu musanaike mtundu uliwonse. Onjezani mabulashi, vanishi, tepi ndi masiku anu. Ngati zonsezi zichokera m'mphoto yomweyo, mutha kupambana mpikisano n'kutsala ndi ngongole.

Ndikapambana, chithunzicho chimakhala cha ndani?

Apa khalani pansi muwerenge kawiri. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza: chinsalu kapena bolodi limene mwajambulapo, ndi ufulu wa umwini wa luso lomwe lili pamenepo. Laibulale ikhoza kutenga chinsalucho, koma ufulu wochisindikiza pa makalendala, ma T-shirt ndi timabuku toitanira ophunzira atsopano umakhalabe wanu, pokhapokha mutaupereka. Malinga ndi lamulo la Copyright Act la 2016, ufuluwu umayamba ntchito ikangopangidwa, umakhala moyo wanu wonse ndi zaka 50 mutamwalira, ndipo muli ndi ufulu wotchulidwa dzina monga mwini luso. Bungwe la COSOMA, loteteza ufulu wa eni luso, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, si la oimba okha, ojambula nawonso angapiteko kukafunsa.

N'zomveka kuti yunivesite ipemphe chilolezo choonetsa chithunzi chanu pa tsamba lake la intaneti ndi m'malipoti ake, dzina lanu lili pomwepo. Chimene muyenera kuchiyang'anitsitsa ndi chiganizo chonena kuti ntchito zonse zoperekedwa zimasanduka katundu wa sukulu. Mawu akuti "zonse" akutanthauza kuti ngakhale amene sanapate kanthu ataya ntchito yawo. Funsaninso ngati sukulu ingagulitse zinthu zokhala ndi chithunzi chanu, ndipo ikatero inu mupezapo chiyani, ngati angachidule kapena kuchisintha mitundu, komanso ngati mungachiike m'mafailo anu ofunsira ntchito. Kufunsa zimenezi si mwano. Chitani mwaulemu, ndipo mayankho akhale olembedwa, chifukwa bwana amene mwagwirizana naye pakamwa lero akhoza kusamutsidwa chaka chamawa.

Ndapambana wa pakhoma. Ndigwire bwanji ntchito anthu akuwerenga?

Yambani ndi khomalo. Lisisiteni ndi chikhatho: mukatuluka ufa woyera, ndiye kuti ndi laimu kapena penti wakufa, ndipo ayenera kupalidwa, apo ayi chithunzi chanu chidzasupuka naye limodzi. Matani kapulasitiki pakhoma ndi tepi mbali zonse, mukasiye masiku awiri. Mukapeza madontho kunsi kwake, khomalo lili ndi chinyezi ndipo a zomangamanga akonze kaye. Pulasitala watsopano amafuna pafupifupi masabata anayi kuti aume. Khoma likakhala lokayikitsa, jambulani pa mabolodi a plywood opakidwa mbali zonse n'kuwamangirira pakhomapo. Ubwino wake mumagwirira ntchito kwina, komanso nyumba ikamadzakonzedwa chithunzi chimasamuka.

Pokuza pulani gwiritsani ntchito mabokosi. Khoma lija la mamita 6 kwa 3 lijambuleni papepala la masentimita 60 kwa 30, mulidule mabokosi a masentimita 5, ndipo pakhoma bokosi lililonse likhale la masentimita 50. Ngati mungabwereke projekita, usiku umodzi ukwana kutsata mizere yonse. Muzitsika pafupipafupi n'kukaima pamene owerenga adzakhale, popeza chimene chikuoneka bwino mphuno ili pakhoma chimatha kukhala chopindika mukachionera patali.

Nthawi yabwino ndi ya holide. Mashelefu apafupi akutidwe ndi pulasitiki, mawindo atsegulidwe, ndipo pa makwerero pazikhala wina wogwirizira. Penti wopopera m'chipinda chotseka ayi. Thinner wosungunulira penti, petulo ndi nsanza zonyowa ndi mafuta a penti zisagone m'nyumbamo ngakhale usiku umodzi, chifukwa nsanza za mafuta a linseed zikaunjikana zimatha kuyaka zokha. Oyang'anira malaibulale akamaumirira pa nkhani ya moto ali ndi chifukwa. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa, ndipo mu Epulo 2021 moto wochokera kuphiri unawononga chipinda chowerengera cha Jagger ku University of Cape Town.

Chidzakhala pakhomapo mpaka liti?

Ena amasintha chaka chilichonse kuti ophunzira atsopano apeze malo, ena amasunga mpaka kalekale. Zilembedwe m'pangano limene tanena pa funso la umwini, pamodzi ndi amene adzachikonze chikawonongeka, ndiponso kuti adzakudziwitseni asanachifute. Siyani ku laibulale kapepala konena mitundu ndi mtundu wa penti amene munagwiritsa ntchito. Tsiku lomaliza chijambuleni ndi kamera yabwino, masana, mutaima pakati penipeni, ndipo musunge zithunzizo malo awiri.

Sindinapambane. Ntchito yanga ndiitenga?

Kawirikawiri pamakhala masiku oikika okatengera, ndipo zotsala zimathera m'sitolo momwe muli chinyezi ndi makoswe. Pitani msanga, ndi risiti imene munalandira popereka. Ngati sanakupatseni risiti, chaka chamawa muiitanitse. Mukakumana ndi mmodzi wa oweruza, mufunseni chimene chinachepa. Nthawi zambiri yankho limakhala la miyezo kapena la malo, osati la luso.

Kusukulu kwathu kulibe mpikisano wotere. Tingauyambitse bwanji?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pezani anzanu awiri kapena atatu, musankhe khoma limodzi lokha, mulijambule ndi foni, muliyeze, ndipo mulembe kalata ya tsamba limodzi kwa mkulu wa laibulale kudzera ku bungwe la ophunzira. M'kalatamo munene khomalo, mtengo wa zipangizo, amene angaweruze, ndi zimene mudzachite poteteza mabuku. Mfundo yomalizayi ndiyo imafewetsa mtima wa woyang'anira laibulale. Yambani ndi zopachika m'mafelemu, poti sizifuna chilolezo chambiri ndipo zikapanda kukoma zimatsika mosavuta. Mukafuna thandizo kwa ogulitsa penti kapena mabanki, gwirizanani poyamba kuti chizindikiro chawo chikhala pa kapepala ka pambali, osati pakati pa chithunzi.

Lengezani semesita ikangoyamba, ndipo mupatse anthu masabata osachepera 6. Mukalengeza mayeso ali pakhomo mudzalandira zithunzi zisanu, zitatu mwa izo za buku lotsegula ndi babu.